Mikanda Yagalasi ndi Funso la Ulendo ku Mtapa

Ku Mtapa, limodzi mwa makomboni akale a mzinda wa Gweru, ndi m'matauni a migodi monga Shurugwi, Zvishavane ndi Kwekwe, kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzakumba golide, kromu ndi asibesito. Zidzukulu zawo zinabadwira komweko, komabe zakhala zikutchedwa alendo. Lamulo la unzika litasinthidwa m'chaka cha 2001, ambiri anapezeka opanda dziko, ndipo anabwezeredwa ufuluwo ndi malamulo aakulu a dziko a 2013. Kodi ulendo umenewu unayamba liti? Mboni imodzi yoyenera kuifunsa ndi kanthu kakang'ono kamene amayi a Chichewa amavala m'chiuno: mkanda wagalasi.

Makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Gweru kuli mabwinja a Danangombe, amene azungu ankawatcha Dhlo-Dhlo. Kumeneko kunali likulu la mafumu a Changamire a mtundu wa Rozvi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. M'chaka cha 1895 kunakhazikitsidwa kampani ya Rhodesia Ancient Ruins, imene ntchito yake inali kukumba mabwinja otere pofuna golide. Anthu ake ankasefa dothi n'kutenga zonyezimira, zotsalazo n'kuzimwaza. Mkanda wozulidwa chotero umakhala wokongola koma wosalankhula, pakuti palibe angadziwe kuya kumene unagona ndi zimene unagona nazo.

Gertrude Caton-Thompson, amene anafukula ku Great Zimbabwe ndi ku Dhlo-Dhlo m'chaka cha 1929, anachita mosiyana. Iye analemba malo a chinthu chilichonse, ndipo mikanda anaipereka kwa katswiri Horace Beck kuti aiunike. Buku lake la 1931 linatsimikiza kuti mabwinjawo anamangidwa ndi Aafirika, mfundo imene atsamunda ambiri sanaikonde.

Pambuyo pake Marilee Wood anasanja mikanda ya kumwera kwa Africa m'magulu potsata nyengo, mtundu ndi zosakaniza za galasi lake. Gulu la Zhizo linafika kuyambira zaka za m'ma 700. Kenaka kunabwera la K2, la Mapungubwe, la Zimbabwe, ndiponso la Khami, limene linafala kuyambira zaka za m'ma 1400 mpaka za m'ma 1600. Mikanda ya Khami inkapangidwa ku India: amisiri ankakoka galasi losungunuka kukhala kabango kotalika, n'kukadula tizidutswa, n'kutitenthanso kuti m'mphepete musalale. Inkaoloka nyanja ya Indian Ocean ndi mphepo za pachaka, n'kulowa kumtunda kudzera ku Sofala ndi mtsinje wa Zambezi, kusinthanitsidwa ndi golide ndi minyanga ya njovu. Apwitikizi atakhazikika ku Sofala m'chaka cha 1505 anapeza kuti eni dziko sankafuna mikanda ya ku Ulaya, kotero nawonso ankakapikula ya ku India.

Apa m'pamene mbiri ya Malawi ikulowa. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda ya gulu la Khami, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga, monga afotokozera m'buku lake la 2020. Galasi la mtundu umodzimodzi linkavalidwa ku Khami, pafupi ndi Bulawayo, ndi m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Izi sizitanthauza kuti Amaravi ankakhala ku Midlands nthawi imeneyo. Zimene zikuonetsa n'zakuti maiko a kumpoto ndi kumwera kwa Zambezi anali m'njira imodzi ya malonda zaka mazana angapo malire a Nyasaland ndi Rhodesia asanalembedwe. Mtchona amene anaoloka pa Tete kupita ku migodi ankaponda dera limene katundu anali atayendamo kale.

Choncho wotolera magalasi akale ali ndi udindo. Mkanda wa agogo wosungidwa m'chitini uli ndi mwini, mudzi ndi chaka, ndipo zimenezi ziyenera kulembedwa okalamba asanatsikire kuli chete. Wopezeka m'bwinja usiyidwe pomwepo, a National Museums and Monuments of Zimbabwe adziwitsidwe. Ukagulitsidwa kwa alendo odzaona malo, mtengo wake umatha tsiku lomwelo, ndipo mdzukulu wa ku Mtapa amataya mboni imene ikanamulankhulira.