Makalata a Livingstone pa Msika wa Okushoni

Mbiri yolembedwa ya chigwa cha nyanja za Chilwa ndi Chiuta, komwe kuli dera la Chikweo m'boma la Machinga, mbali yake yaikulu idayambira m'makalata a alendo ofufuza za chilengedwe, omwe ankalemba pamanja zimene ankaona n'kutumiza kwawo ku Ulaya. Mu Epulo 1859, David Livingstone adafika pa nyanja ya Chilwa pamodzi ndi John Kirk, dokotala yemwenso adali katswiri wa zomera, ndipo zolemba za ulendowo zidafotokoza za nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi, za mapiri a Zomba ndi Mulanje, komanso za malonda a akapolo omwe ankasautsa anthu m'derali. Kirk ankatumiza zomera zouma ku munda wa kafukufuku wa Kew ku London, kumene zimasungidwa kufikira lero.

Olembawo atamwalira, makalata awo ena adalowa m'nyumba zosungiramo mabuku, monga National Library of Scotland ndi Livingstone Museum ya ku Zambia, pomwe ena adatsala ndi mabanja a owalandira, ndipo m'kupita kwa zaka adayamba kupezeka pa okushoni. Okushoni ndi malonda omwe ogula amapikisana potchula mitengo kufikira wotchula mtengo wokwera kuposa onse atatenga katunduyo, monga momwe alimi adazolowerera ndi fodya ku Limbe ndi ku Kanengo. Mtengo wa kalata umadalira kutchuka kwa mlembi, umboni woti dzanja ndi lakedi, kusang'ambika kwa pepala, kulemera kwa nkhani yake, ndiponso mndandanda wodziwika wa anthu omwe adaisungapo.

Kalata imene Livingstone adalemba ku Bambarre, m'dziko la Congo, pa 5 Febuluwale 1871 ikuonetsa bwino phindu ndi vuto la malondawa. Adalembera Horace Waller, mmodzi mwa amishoni a bungwe la UMCA omwe adakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, ndipo popeza mapepala adali atamuthera, adalemba pamwamba pa masamba osindikizidwa kale, kotero kuti mawu ake adali ovuta kuwerenga. Mu 1966 kalatayo idagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ndi Peter Beard, wojambula zithunzi wa ku America, ndipo idafalitsidwa yonse mu 2010, akatswiri ataijambula ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana komwe kudalekanitsa inki ya mlembi ndi ya makina osindikizira. Wogulayo adaisamala, komabe padadutsa zaka 44 anthu wamba asadathe kuiwerenga.

Kwa Amalawi nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa moto umene udatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 udawononga zikalata zambiri zakale, ndipo nthambi yosunga zikalata za dziko idatsegulidwa mochedwa, mu 1947. Motero kalata iliyonse yonena za dziko lino yomwe yatsekeredwa m'nyumba ya munthu mmodzi ndi umboni wochotsedwa kwa eni ake a mbiriyo. Makalatawa ayenera kujambulidwa ndi kuikidwa poyera, ndipo powawerenga ayerekezedwe ndi mbiri imene Ayao adasunga pakamwa, yomwe Yohanna Abdallah adaisindikiza m'buku mu 1919, pakuti mlendo wodutsa ankalemba za masiku ochepa, pomwe eni nthaka ankadziwa za mibadwo yambiri.