Ndani Asunga Malire a Malo a Tonse?

 Lero titsike mapiri a Dedza kudzera mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere, tikaime pa msika wa Golomoti. Pamenepo tipeza amayi atayala tomato ndi usipa, anyamata akukweza matumba a mpunga pa njinga, ndi kalaliki wa khonsolo akudula ziphaso za msika. Aliyense adziwa mwini wa katundu amene ali patsogolo pake. Koma titafunsa kuti nthaka imene onsewo apondapo njayani, ndiponso kuti malire ake ayambira pati nathera pati, ambiri angangoyang'anana. Funso limeneli ndi lomwe lisautsa makhonsolo a mizinda ikuluikulu monga Blantyre ndi Lilongwe, ndipo mbiri yake tingathe kuilondola m'chigwa chomwechi, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua, mpaka ku Mtakataka.

Tiyambe ndi mzinda wakale. Pafupi ndi Mtakataka pali malo otchedwa Mankhamba, pamene padali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo adapeza mikanda ya galasi, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera ku China. Zimenezi zisonyeza kuti padali mzinda wa malonda zaka mazana angapo Azungu asanayambe kulamulira dziko lino. Mzindawo udalibe buku ngakhale limodzi, komabe malo ake adali odziwika. Kalonga ankagawa madera kwa mafumu ake, mwini dziko nkugawira nyakwawa, nyakwawa nkugawira mbumba. Malire adali mtsinje, chulu, mlambe kapena thanthwe, ndipo ankalozedwa pamaso pa mboni. Padalinso malo amene sankapatsidwa kwa munthu aliyense, monga bwalo, manda, dambwe ndi dooko la pamtsinje. Amenewa ndiwo adali malo a tonse, ndipo mlonda wake udali mwambo.

Kaundula wa nthawi imeneyo adali m'mitu ya akuluakulu. Ubwino wake udali wakuti mudzi wonse unkatha kumuwerenga. Kuipa kwake kudali kwakuti ankafa pamodzi ndi omusunga, ndipo nkhondo inkamubalalitsa. M'zaka za m'ma 1890, pamene Angoni a Kachindamoto adatsikira kuchigwa kuno atalimbana ndi a Gomani, midzi idasuntha, ulamuliro udasintha, ndipo malire ambiri adayenera kukambidwa mwatsopano.

Pepala lidalowa m'nkhani za malo pa nthawi yomweyo. Dziko lino litakhala pansi pa Britain m'chaka cha 1891, Harry Johnston adapeza Azungu ambiri akunena kuti adagula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira m'chaka cha 1892 iye adayamba kuunika zonena zawozo, ndipo amene adawavomereza adawapatsa zikalata zotchedwa Certificate of Claim. Malo onse olembedwa m'zikalatazo adakwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Mwa amenewa, maekala 2.7 miliyoni adali kumpoto m'manja mwa British South Africa Company, ndipo ambiri otsalawo adali kumapiri a Shire. Mfumu inkaganiza kuti yalandira mlendo monga mwa mwambo, pamene pepala linkati malowo apita mpaka muyaya. Pepalalo lidakumbukira wogula, koma silidatchule maina a anthu amene adali kulima pomwepo. Apa ndi pamene padamera thangata, limene lidali chimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe m'chaka cha 1915. Malo otsala Boma la Atsamunda linkawayesa a Mfumu ya ku England, kufikira m'chaka cha 1936 pamene lamulo lidanena kuti ochuluka a iwo Boma lingowasungira eni dziko.

Kuchigwa cha Dedza malire atsopanowa adafika mwa njira zitatu. Yoyamba idali mishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers adamanga pa Mua m'chaka cha 1902, m'dera la Kachindamoto, ndipo pa malo awo padadzakhala tchalitchi, sukulu, chipatala, ndiponso chipatala cha akhate chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 1927. Yachiwiri idali nkhalango. M'chaka cha 1924 Boma lidalengeza kuti nkhalango ya Mua-Livulezi njotetezedwa, kotero kuti munthu amene makolo ake ankadula nsungwi m'phirimo adapeza kuti tsopano pali mzera umene sayenera kuudumpha ndi nkhwangwa. Yachitatu idali njanji yochokera ku Blantyre, imene idafika ku Salima m'chaka cha 1935 podzera pa Golomoti ndi Mtakataka. Njanji ili ndi malo ake mbali zonse ziwiri, ndipo malo amenewo adapimidwa ndi kujambulidwa pa mapu. Chotero munthu wa m'chigwa adayamba kukhala pakati pa malire a mitundu iwiri, ena odziwika kwa nyakwawa, ena odziwika kwa mlembi wa ku Zomba amene sadapondepo pa malowo.

Titalandira ufulu, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la malo la 1965, limene lidagawa nthaka yonse patatu: malo a Boma, malo a munthu kapena kampani okhala ndi chikalata, ndi malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. M'chaka cha 1967 padabwera lamulo lina lokhazikitsa kaundula wa malo, momwe chigawo chilichonse cha nthaka chimakhala ndi nambala ndi tsamba lakelake. Kaundula wotere adayesedwa m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, koma adagwira ntchito kwambiri m'mizinda. Ndiye tsopano tikwere pang'ono kupita ku Lilongwe, tikaone mmene mzinda umasungira malo ake, pakuti phunziro lake tibwerera nalo kuchigwa.

Pofuna kumanga likulu latsopano, Boma lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968, ndipo likulu lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Bungwelo lidapatsidwa malo, lidawapima, lidawagawa m'madera okhala ndi manambala monga Area 18 ndi Area 25, ndipo puloti iliyonse idalandira nambala yake. Ntchito yotere imayenda ndi zida zinai. Choyamba ndi chikhomo cha simenti chimene opima malo amakwirira pa ngodya iliyonse ya puloti. Chachiwiri ndi mapu osonyeza kukula kwa pulotiyo ndi anansi ake. Chachitatu ndi kaundula wonena mwini wake, ndipo ngati malowo adabwerekedwa pa lizi, amanenanso wobwereka, zaka zake ndi lendi yoti azilipira. Chachinai ndi buku la mitengo ya nyumba ndi malo, limene khonsolo imawerengera msonkho wa mumzinda, ndipo lamulo lifuna kuti bukuli lizikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Zida zinaizi zikagwirizana, khonsolo imadziwa chimene ili nacho, amene akuchigwiritsa ntchito ndi ndalama zimene iyenera kulandira. Chimodzi chikasemphana ndi zinzake, mlandu wabadwa.

Bungwe lomanga likulu lija lidathetsedwa m'chaka cha 1984, ndipo malo ake adagawikana. Ena adapita ku Unduna wa za Malo, ena ku Malawi Housing Corporation, ndipo m'chaka cha 1992 madera amene anthu amamanga okha nyumba zawo adaperekedwa kwa makhonsolo a mizinda. Mzinda umodzi udakhala ndi eni malo angapo, aliyense ndi mabuku ake m'kabati yakeyake. Anthu adapitiriza kuchuluka, ambiri namanga pa malo amene sadapimidwe nkomwe. Nchifukwa chake makhoti akhala akumva milandu ya puloti imodzi yopatsidwa kwa anthu awiri, ndipo malo amene mapu adasiyira mseu, bwalo la masewera kapena madzi a mvula apezeka atamangidwapo nyumba. Malo otere ndiwo amayamba kutha, popeza munda wa munthu uli ndi mwini woulondera m'mawa uliwonse, pamene malo a tonse aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akuwayang'anira.

Zimenezi si za mumzinda mokha. Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndidaphunzitsako pa sukulu ina ya m'chigwa chomwechi. Malo a sukuluyo adaperekedwa pakamwa ndi nyakwawa imene idamwalira kalekale, ndipo malire ake akum'mawa adali mtengo wa mtondo. Mtengowo udadulidwa, chitsa chake chidaola. Chaka chilichonse olima moyandikana ankaonjezera mzera umodzi, osati mwa kuba, koma poti panalibe chowaletsa khasu. Tsiku limene tidafuna kukumba maziko a chipinda chatsopano ndi zimbudzi za atsikana, tidapeza kuti pokumbapo pali chimanga cha munthu. Tidaitana akuluakulu atatu amene adaona malowo akuperekedwa, ndipo aliyense adaloza pakepake. Mlanduwo udatenga miyezi, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo mabanja awiri amene ankamwerana madzi adaleka kupatsana moni. Pomaliza tidayenda malire onse pamodzi ndi a Gulupu, tidabzala khonje, ndi kulemba zimene tidagwirizana pa mapepala atatu, lina la mfumu, lina la sukulu, lina lopita kuboma ku Dedza. Ntchito imeneyo idatenga tsiku limodzi lokha, ndipo ikadachitika zaka makumi atatu m'mbuyomo, sipakadakhala chidani.

Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nthaka ya m'chigwa ikukwera mtengo. Sikimu ya mpunga ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndi kutha m'chaka cha 2000, idasandutsa dambo la mtsinje wa Namikokwe kukhala mapuloti ofunika kulembedwa maina. M'chaka cha 2022 pa Golomoti padayamba kugwira ntchito malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20. Pa mphambano pamene mseu wa m'mbali mwa nyanja ukumana ndi wopita ku Monkey Bay, magolosale ndi nyumba zogona alendo zikunka zichuluka. Golomoti ndi Mtakataka si mizinda, ndipo misika yake ili m'manja mwa khonsolo ya boma la Dedza, imene maofesi ake ali kutali pamwamba pa mapiri. Koma mzinda uliwonse udayamba ngati mphambano, ndipo nthawi yabwino yolemba malo a msika, a sukulu, a chipatala, a manda ndi a mseu wa mtsogolo ndi pamene oona malire ake akali moyo.

Malamulo a masiku ano apereka njira. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo udindo wosamala chitukuko cha madera awo. Malamulo a malo a 2016, amene adakonzedwanso m'chaka cha 2022, adakhazikitsa makomiti a malo a makolo. Komiti iliyonse imatsogozedwa ndi a Gulupu, ili ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu kapena kuposerapo akhale amayi, ndipo pali kalaliki wa za malo wolemba zonse. Unduna wa za Malo wayambanso kulowetsa mabuku ake mu kompyuta. Njira imeneyi ikuyesa kulumikiza zimene mbiri idalekanitsa, ndiye kuti mboni za ku Mankhamba ndi pepala la Johnston. Mboni zopanda pepala zimafa nazo nkhani. Pepala lopanda mboni lidaiwala kale anthu a kumapiri a Shire, ndipo kompyuta nayo idzangosunga zimene yauzidwa, zoona kapena zabodza.

Tsono inu mafumu, aphunzitsi aakulu, makhansala ndi a makomiti a misika amene mukumvera, pali mafunso atatu oti mukafunse sabata ino. Kodi malo a tonse a m'dera lanu alipo angati? Kodi malire ake aoneka ndi maso, kaya ndi chikhomo kaya ndi khonje? Kodi pepala lake lili kuti, ndipo ndani angaliwerenge atafuna? Ngati yankho palibe, itanani agogo amene adaona malowo akuperekedwa, muyende nawo malire dzuwa lisanatenthe, ana asukulu akutsatira pambuyo, ndipo zimene alozezo muzilembe ndi kutumiza pepala lina ku khonsolo. Mwana amene adzafune kalasi pa sukulu yanu zaka makumi awiri zikudzazi sadzadziwa maina anu, koma adzapeza pomangapo.