Mlatho wa Amisiri a Thumba Lochepa

Pamene kampani ya IBM inalengeza za makina ake a System/360 pa 7 Epulo 1964, mabanki, makampani a inshulansi ndi maboma a maiko olemera anayamba kusonkhanitsa zolembera zawo m'kompyuta imodzi yaikulu, yotchedwa mainframe, imene inkakhala kulikulu m'chipinda chozizira. Ndipo m'menemo mapulogalamu a COBOL, pamodzi ndi pulogalamu ya CICS imene inayamba kugulitsidwa mu 1969, anasanduka nkhokwe ya chuma chonse cha eni ake. Koma popeza nthambi zakutali za mabungwewo sizikanatha kugula chimphona chotere, mumzinda wa Rochester, ku Minnesota, munabadwa fuko lina la makina a IBM, apakati, kuyambira System/3 mu 1969, kudzera mu System/38 ndi System/36, kufikira AS/400 mu 1988, amene amisiri ake ankalemba m'chinenero cha RPG.

Ngakhale mafuko awiriwa anali a bere limodzi, nasunga zilembo mofanana mwa dongosolo la EBCDIC, sanamvane msanga. Poyamba, dzuwa likapendeka, kalaliki ankakopera malonda a tsikulo pa tepi, mthenga nainyamula kunka nayo kulikulu. Pambuyo pake anayamba kutumiza mitolo ya ntchito pa waya wa telefoni usiku, yankho n'kufika mamawa. Malamulo a SNA a mu 1974, makamaka chigawo chake cha LU 6.2 chimene chinadza pambuyo, analola pulogalamu kulankhula ndi inzake mwachindunji, koma njirayo inkafuna akatswiri amalipiro okwera ndi mawaya obwereka mwezi ndi mwezi. Ndipo MQSeries, imene inatuluka mu 1993 kuti mauthenga azidikirira pamzere osatayika, nayonso inali ndi mtengo wake.

Tsono apa mpamene nzeru za amisiri a thumba lochepa zinaonekera. Iwo anaphunzitsa makina apakati kudzionetsa ngati sikirini ya 3270, imene mainframe inazolowera kulankhula nayo, kotero kuti pulogalamu inkalemba nambala ya kasitomala pamzere ndi pamalo penipeni pamene kalaliki akanailemba, kenaka n'kuwerenga ndalama zotsala pamene yankho laonekera. Mlathowo unali wosalimba, pakuti a kulikulu akangosuntha malo amodzi pa sikirini, ntchito ya nthambi yonse inkaima. Chifukwa chake mmisiri ankayenera kudziwa makina onse awiri mpaka m'kati mwake, ndi kukhalitsana bwino ndi anzake a kulikulu kuti amutsine khutu zinthu zisanasinthe.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malipiro, ngongole ndi katundu wa anthu osawerengeka zinaoloka pa ntchito ya amisiri odekhawo, amene maina awo sanalembedwe pa makina alionse. Ndipo aliyense wolumikiza zakale ndi zatsopano lero, thumba lili lopepuka, ayenera kuphunzira kwa iwo kuti chimene ndalama yalephera kugula, chidziwitso ndi ubale zimakwaniritsa.