Linga la Messene: khoma lomwe lidasunga ufulu wa akapolo a Sparta

Kummwera chakumadzulo kwa dziko la Greece, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Kalamata, kuli mabwinja a Messene. Linga la mzindawu ndi limodzi mwa malinga akale a Agiriki omwe mbali zake zina zidakaimabe mpaka lero.

Messene udabadwa chifukwa cha nkhondo. Kwa zaka mazana angapo, anthu a m'chigawo cha Messenia adali akapolo a Sparta, ndipo ankalima nthaka ya makolo awo koma gawo lalikulu la zokolola linkapita kwa ambuye awo. Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 371 BC pomwe asilikali a mzinda wa Thebes, motsogozedwa ndi Epaminondas, adagonjetsa Sparta pankhondo ya ku Leuctra. Mu 369 BC mkuluyu adakhazikitsa mzinda watsopano m'tsinde mwa phiri la Ithome, n'kuitananso anthu a ku Messenia omwe adamwazikira kutali, ena mpaka ku Sicily.

Ufulu woterewu udali wosalimba. Asilikali a Thebes akangobwerera kwawo, Sparta ikadatha kubwera kudzatenga akapolo ake. Chodalirika chidali khoma, pakuti asilikali a Sparta, ngakhale adali oopsa pankhondo ya pamtetete, sadali ndi luso lothyola malinga.

Khomalo lidali lotalika makilomita pafupifupi 9. Amisiri adalikwezera m'zitunda mpaka kukafika pamwamba pa Ithome, phiri la mamita pafupifupi 800, kuti mdani aziyamba watopa ndi chikweza asadalifike. Adasema miyala ikuluikulu n'kuisanja popanda dothi lomatira, kotero kuti kulemera kwake ndi kugwirana kwa m'mbali mwake ndiko kudalimbitsa khomalo. Malo omwe adazinga adali aakulu kuposa omwe nyumba zinkafuna. Uku sikudali kuwononga miyala: m'kati mudatsala malo olima ndi odyetsa ziweto, komanso kasupe wotchedwa Klepsydra. Mzinda wozingidwa kawirikawiri umagonja ndi njala kapena ludzu.

M'mbali mwa khoma adamanga nsanja, zambiri za ngodya zinayi, zina zozungulira kutsogolo. Nsanjazi zidatulukira kunja kwa mzere wa khoma kuti aliyense wofika m'tsinde mwake azilasidwa cham'mbali. Chipinda chapansi chidali ndi timipata topyapyala, pomwe chapamwamba chidali ndi mazenera okulirapo. Akatswiri ambiri amati mazenerawa adali a makina oponya mivi, chida chomwe chidatulukira ku Syracuse cha m'ma 399 BC, zaka 30 zokha Messene asadamangidwe.

Nzeru za amisiriwa zimaonekera bwino pa Chipata cha Arcadia, pomwe pankatulukira msewu wa ku Megalopolis. Chipata ndiye malo ofooka pa linga lililonse, choncho ichi adachisandutsa msampha. Khomo lakunja lidali pakati pa nsanja ziwiri. Wolowa pamenepo ankapezeka m'bwalo lozungulira, la mamita pafupifupi 20 mulifupi, khomo lachiwiri lili kutsogolo kwake. Adani akathyola khomo loyamba ankaunjikana m'bwalomo, alonda n'kumawagenda ndi kuwalasa kuchokera pamwamba mbali zonse. Mwala umodzi waukulu womwe udali pakhomo lam'kati udagwa, ndipo udakali chitsamire pomwepo.

Lingalo lidayesedwa. Mu 214 BC Demetrius wa ku Pharos adafuna kulanda mzindawu koma adafera komweko. Mu 201 BC Nabis, wolamula wa Sparta, adakwanitsa kulowa, koma adathamangitsidwa posakhalitsa. Pausanias, mlembi yemwe adayendera Greece m'zaka za m'ma 100 AD, adaliyamikira kuti n'lolimba kuposa malinga otchuka a Byzantium ndi Rhodes.

Kuyambira m'ma 1980, katswiri wofukula zakale Petros Themelis adatsogolera ntchito yofukula ndi kukonzanso bwalo la zamasewero, bwalo la zisudzo ndi kachisi wa Asklepios m'kati mwa lingali, pafupi ndi mudzi wa Mavromati.