Moto wa m'thanki: m'mene saladi anasandukira majarini

Ambiri a ife tinakulira pa buledi wopaka majarini, koma ndi angati anafunsapo kuti mafuta amadzimadzi ngati saladi amalimba bwanji mpaka kukhala phee m'kabokosi? Ntchitoyi imachitikira m'thanki yachitsulo yotsekeka, ndipo munthu wofunika kwambiri pamenepo ndi amene akuyang'anira kutentha.

Nkhaniyi inayambira ku Toulouse, m'dziko la France, mu 1897. Paul Sabatier ndi mnzake Jean-Baptiste Senderens, amene anali wansembe, anapeza kuti ufa wa chitsulo cha nickel umathandiza mpweya wa hydrogen kugwirana ndi makemikolo ena. Nickel simatha ayi, ili ngati nkhoswe: imagwirizanitsa awiri kenako n'kukhala pambali. Koma nkhoswe iyi inali ndi malamulo ake. Akaphatikiza benzene ndi hydrogen pa madigiri pafupifupi 180, ankapeza mankhwala atsopano otchedwa cyclohexane. Akapitirira madigiri 300, zinthu zinkabwerera m'mbuyo, hydrogen n'kuyamba kuchokamo. Sabatier analandira mphoto ya Nobel mu 1912.

Iye ankagwira ntchito ndi nthunzi chabe. Amene anayesa njirayi pa mafuta amadzimadzi ndi Wilhelm Normann wa ku Herford, ku Germany, mu 1901, ndipo chaka chotsatira anailembetsa kuti ndi yake. Kampani ya sopo ya Joseph Crosfield & Sons ku Warrington, ku England, inaitengera ku fakitale. Mu 1911, Procter & Gamble ku America inayamba kugulitsa Crisco, mafuta olimba oyera opangidwa kuchokera ku njere za thonje. Inde, thonje lomweli timaliona m'minda ya ku Katete ndi Chipata. Ngakhale mafuta a anamgumi, amene kale ankanunkha moti sankadyeka, anayamba kulowa m'majarini ku Ulaya, ndipo anamgumi ambirimbiri anafera zimenezi.

Manje tilowe m'thankimo. Mafuta ozizira sagwirana ndi hydrogen, choncho poyamba amawatenthetsa ndi nthunzi yodutsa m'mapaipi. Koma ntchito ikangoyamba, mafutawo amatulutsa kutentha kwawokwawo. Aliyense amene anakolezapo mbaula akudziwa: poyamba umakupiza mpaka mkono kuwawa, koma makala akagwira, nkhawa yako imakhala yoti relishi ingapserere. Akatswiri amayeza malo otsala m'mafuta oti hydrogen alowemo ndi nambala yotchedwa iodine value. Nambalayi ikatsika ndi 1, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 1.6. Mafuta a soya amayambira cha pa 130. Kuwatsitsa kufika pa 70 kungawonjezere madigiri pafupifupi 100 ngati palibe woziziritsa. N'chifukwa chake nthunzi amaitseka n'kuyamba kuyendetsa madzi ozizira, maso ali pa geji.

Funso linali lakuti: tiimike pa madigiri angati? Kwa zaka zambiri mafakitale ankakonda moto waukulu, cha m'ma 180 mpaka 200, ndi hydrogen wochepa. Zifukwa zawo zinali zomveka. Ntchito inkatha msanga. Zigawo za mafuta zimene zimafulumira kusasa ndi zimene zinkayamba kugwidwa, choncho katundu ankakhala miyezi pashelefu osanunkha. Ndiponso panali mphatso ina imene sanailipire. Pa kutentha kotero, timamolekyu tina ta mafuta timafika pa nickel, osapeza hydrogen wokwanira, n'kuchokapo titawongoka m'malo mokhala topindika monga mwachilengedwe. Towongoka timapanikizana bwino, ndiye mafuta amalimba. Oleic acid, wopindika, amasungunuka cha pa madigiri 13. Mbale wake wowongoka, elaidic acid, amafunika pafupifupi 45. Mukasakaniza bwino mumapeza mafuta olimba patebulo koma osungunuka mkamwa, oyenera mabisiketi ndi makeke. Amenewa ndiwo mafuta a trans.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatiwawa. Anthu a pa geji aja sanali aulesi, ankadziwa ntchito yawo maningi. Ankakwanitsa kutulutsa mafuta ofanana tsiku ndi tsiku. Koma "ubwino" umene ankayeza unali wa kulimba, fungo ndi kukhalitsa m'sitolo. Za mitsempha ya wakudyayo sizinali pa pepala lawo. Majarini ankatamandidwa kuti ndi abwino ku mtima kuposa batala.

Mu 1990, Ronald Mensink ndi Martijn Katan a ku Wageningen, ku Netherlands, anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti mafuta a trans amakweza kolesitero woipa m'magazi n'kutsitsanso wabwino. Zaka pafupifupi 80 zinali zitadutsa chibwerereni Crisco. Denmark inakhala dziko loyamba kuika malire mu 2003: magalamu 2 pa magalamu 100 aliwonse a mafuta. South Africa inatsatira mu 2011. America inagamula mu 2015 kuti mafuta olimbitsidwa mwatheka achoke m'zakudya, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linapempha dziko lonse kuwathetsa, litawerengera kuti amapha anthu oposa 500,000 pachaka ndi matenda a mtima.

Mafakitale anabwerera ku geji ija. Kutsitsa kutentha, kuwonjezera mphamvu ya hydrogen ndi kuvundula kwambiri kumachepetsa trans, koma ntchito imachedwa ndipo sawathetseratu. Ambiri anasankha njira zina: kulimbitsa mafuta kotheratu, kuti pasatsale malo owongokera, kenako n'kuwasakaniza ndi amadzimadzi, kapena kungogwiritsa ntchito mafuta a kanjedza amene ndi olimbirapo kale. Ndiye majarini ambiri a masiku ano si ofanana ndi amene agogo athu ankapaka.

Komabe malamulo safanana m'mayiko onse, ndipo mabisiketi ndi makeke a m'mapaketi amene timagula pa kantemba amachokera kosiyanasiyana. Tikatembenuza paketi, tiyang'ane pa mndandanda wa zosakaniza. Mawu oti "partially hydrogenated" amatanthauza thanki imene anaiimitsa pakati, hydrogen asanadzaze malo onse, ndipo m'menemo ndi mmene mumakhala trans.