Mabwalo Awiri a Masewero mu Mzinda wa Los Angeles

Ku dziko la Amereka, m'mbali mwa nyanja yaikuru ya Pacific, kuli mzinda dzina lace Los Angeles. Kufupi ndi pakati pa mzindawo kunali cigwa ca Chavez Ravine, m'mene munali midzi itatu: Palo Verde, La Loma ndi Bishop. Ambiri a eni midziyi anali anthu osauka, a mtundu wa ku Mexico. Koma anali ndi nyumba zao, timinda tao, sukulu ndi nyumba ya mapemphero.

M'caka ca 1950 akuru a mzinda anawalembera makalata kuti agulitse malo ao, nalonjeza kuti adzamangapo nyumba zatsopano zoposa 3,000, ndi kuti eni malowo ndiwo adzayamba kulowamo. Ambiri anagulitsa pa mtengo wocepa, nacoka. Koma m'caka ca 1953 anthu anasankha Norris Poulson kukhala mkuru wa mzinda, ndipo iye anathetsa nchitoyo. Nyumba zija sizinamangidwe. Anthuwo anaona coonadi ca mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Pambuyo pace malowo anaperekedwa kwa Walter O'Malley, mwini gulu la Dodgers, losewera mpira womenya ndi ndodo, limene linasamuka ku Brooklyn m'caka ca 1958. Pa 8 May 1959 apolisi anafika kudzaturutsa banja lina limene linakana kucoka. Mai wina anamnyamula manja ndi miyendo, ndipo nyumbayo inagwetsedwa eni ace akupenya. Bwalo la Dodger Stadium, la mipando 56,000, linatsegulidwa m'caka ca 1962.

Zitapita zaka zambiri, pakati pa mzindawo panazirala, pakuti anthu acuma anasamukira kunja kwace. Masana m'maofesi munali anthu, koma dzuwa likalowa miseu inali zii. Tsono kampani ya Philip Anschutz inamanga nyumba yaikuru ya masewero, Staples Center, imene inatsegulidwa m'caka ca 1999. Apanso mabanja ena osauka anacotsedwa kuti papezeke poimika magalimoto.

Koma bwalo palokha silidzutsa mzinda, cifukwa anthu akaonera mpira amangobwerera kwao. Motero eni ace anafuna kumanga pambali pace mahotela, nyumba zodyeramo, za nyimbo ndi za kanema, ndi nyumba zokhalamo, kuti malowo akhale ndi anthu usana ndi usiku.

Nthawi iyi eni mudzi sanadikire lonjezo la pakamwa. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, magulu pafupifupi 30, pamodzi ndi mabungwe a anchito, anagwirizana, nakhala pansi ndi eni cuma aja. M'caka ca 2001 analemberana pangano. Mwa nyumba 100 zirizonse zokhalamo, 20 zikhale za mtengo umene osauka angakhoze kulipira. Mwa nchito 100 zirizonse ayesetse kuti 70 zikhale za malipiro okwanira kusunga munthu. Polemba nchito ayambe ndi anthu a pafupi. Ndiponso aperekepo madola 1,000,000 a mabwalo opumulirako anthu.

Malo atsopanowo, dzina lace L.A. Live, anayamba kutsegulidwa m'caka ca 2007, ndipo hotela ya nsanjika 54 inatha m'caka ca 2010. Usiku miseu ija inadzalanso ndi anthu. M'caka ca 2021 nyumba ya masewero ija inapatsidwa dzina lina, Crypto.com Arena.

Panganolo silinacotse mabvuto onse, pakuti malo akakongola mtengo wa nyumba umakwera, ndipo osauka ena amacoka okha popanda wowathamangitsa. Komabe mizinda yina ya ku Amereka inatengera pangano la 2001 monga citsanzo. A ku Chavez Ravine anakambirana ndi boma banja liri lonse palokha, nataya zonse. Anzao a m'caka ca 2001 anapita pamodzi, nabwerako ndi pangano lolembedwa.