Kimi Antonelli ndi nkhani ya anyamata awiri a Toro Rosso

Anzanga, amene mumatsatira Formula 1 mukudziwa kuti Lewis Hamilton atachoka ku Mercedes kupita ku Ferrari, mpando wake anaupereka kwa mnyamata wa ku Bologna, Italy, dzina lake Andrea Kimi Antonelli. Iyeyu anabadwa mu Ogasiti 2006, ndiye ambiri a ife mu kalabu muno ndi msinkhu wathu. Anayamba mpikisano mu Malichi 2025 ali ndi zaka 18, sukulu ya sekondale asanamalize n'komwe. Funso lomwe timakangana nalo nthawi zonse ndi lakuti: kodi mfanayu afika patali? Ine ndati tibwerere kaye m'mbuyo, tione zomwe zinachitikira anyamata ena awiri omwe analowa ali aang'ono chonchi, onse kudzera m'timu imodzi ya Toro Rosso.

Woyamba ambiri munamuiwala, mwinanso simunamumvepo. Jaime Alguersuari wa ku Spain anamulowetsa pakati pa chaka cha 2009, ku Hungary, m'malo mwa Sébastien Bourdais yemwe anachotsedwa. Anali ndi zaka 19, ndipo panthawiyo palibe anali atayambapo Formula 1 ali wamng'ono kuposa iye. Vuto linali lakuti chaka chimenecho malamulo ankaletsa matimu kuyeserera magalimoto pakati pa sizoni. Choncho mnyamatayu anakaphunzirira galimoto yake pabwalo la mpikisano, dziko lonse likuonerera. Tangoganizani, eti.

Sanali dalaivala woipa ayi. Mu 2011 anamaliza pa nambala 7 kawiri, ku Italy ndi ku Korea, pa galimoto yomwe sinali yamphamvu. Koma mu Disembala chaka chomwecho a Red Bull, eni ake a Toro Rosso, anamuchotsa pamodzi ndi mnzake Sébastien Buemi, n'kuikapo Daniel Ricciardo ndi Jean-Éric Vergne. Ali ndi zaka 21 zokha, za Formula 1 zinathera pomwepo. Mu 2015 anasiyiratu mipikisano n'kuyamba za nyimbo ngati DJ. Ine nkhani ya mkuluyu imandikhudza kwambiri, chifukwa pa msinkhu umene ena amakhala akuyamba kumene, iye anali atauzidwa kale kuti basi, zikomo.

Wachiwiri ndiye aliyense akumudziwa. Max Verstappen anayamba ku Australia mu 2015 ali ndi zaka 17, laisensi yoyendetsera galimoto pamsewu alibe. Anthu anadandaula mpaka bungwe la FIA linakhazikitsa lamulo loti kuyambira 2016 dalaivala azikhala ndi zaka 18. Mu Meyi 2016 anamukweza kupita ku timu yaikulu ya Red Bull, Daniil Kvyat n'kutsitsidwa, ndipo anapambana mpikisano wake woyamba weniweniwo ku Spain. Tisabise, mwayi unalipo: Hamilton ndi Nico Rosberg, omwe anali ndi magalimoto othamanga kuposa onse, anagundana okhaokha atangonyamuka. Komabe chomwe ambiri samachitchula n'chakuti ukatswiri wa dziko lonse anautenga mu 2021, chaka chake chachisanu ndi chiwiri. Zaka zapakatizo ankachita ngozi zambirimbiri, makamaka kumayambiriro kwa 2018, anthu n'kumamunena kuti ndi wopupuluma. Timu inamupirira.

Apa ndi pomwe ine ndimaonera kusiyana. Inde, Verstappen luso lake ndi lapadera, sindikutsutsa. Koma anapatsidwa zinthu ziwiri zomwe Alguersuari sanazione: galimoto yotha kupambana, ndi mabwana omwe sanatope naye akalakwitsa. Mipando mu 2025 inali 20 yokha, ndipo kumbuyo kwa mpando uliwonse kuli mzere wa anyamata a Formula 2 omwe akudikira. Liam Lawson anangothamanga mipikisano iwiri ku Red Bull mu 2025, n'kubwezedwa ku timu yaing'ono.

Nanga Antonelli? Mercedes inamutenga ali mwana wa timagalimoto ta kart, ndiye amudziwa kwa zaka. Tsiku loyamba kuyesa galimoto yawo pagulu, ku Monza mu 2024, anakaigunditsa kukhoma pasanathe mphindi zingapo, koma mawa lake lomwelo analengeza kuti mpando ndi wake. Mu 2025 anayamba bwino, nambala 4 ku Australia kuli mvula, kenako nambala 3 ku Canada. Atabwerera ku Ulaya zinthu zinasokonekera, mpaka ku Austria anagunda Verstappen yemweyo paulendo woyamba wozungulira bwalo, onse awiri n'kutuluka. Kukanakhala kwa mabwana ena, mwina bwenzi tikukamba zina pano. Toto Wolff anamusunga, n'kumupatsanso mpando wa 2026.

Chaka cha 2026 chabwera ndi malamulo atsopano a injini, pomwe pafupifupi theka la mphamvu likuchokera ku magetsi. Nthawi yomaliza imene injini zinasintha kwambiri chonchi, mu 2014, Mercedes inatenga ukatswiri wa matimu zaka 8 zotsatizana. Ndikafunsidwa lero, ine ndimamuika Antonelli kumbali ya Verstappen, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu a Ferrari mundiyankha m'makomenti.